CHALICHI LAKALE PAKATI PA MZINDA

Cilangizo ca pa tsiku lokumbukira kudalitsidwa kwa chalichi la Laterano

Caka ndi caka, pa 9 Novembala, Eklezia Woyera pa dziko lonse lapansi amacita cikondwerero cimene Akristu ambiri sacimvetsa bwino. Masiku ena aakulu amakumbutsa za Ambuye Yesu, za Amai Maria kapena za anthu oyera. Koma tsiku limeneli likumbutsa za nyumba yamiyala. Nyumbayo ndi chalichi la Laterano mu mzinda wa Roma, limene Papa Silvester adalidalitsa m'caka ca 324, mazunzo a Akristu atangotha kumene, pamalo pamene mfumu Konstantino idapereka. M'menemo ndimo muli mpando wa Papa monga Episkopi wa Roma, ndipo cifukwa cace limachedwa mai ndi mutu wa machalichi onse. Cibvomezi cidaligwetsapo, moto udalitentha kawiri m'zaka za m'ma 1300, koma nthawi zonse Akristu a ku Roma adalimanganso pamalo pomwepo. Mafumu adatha, maboma adasintha, misewu ya mzinda idalambulidwa mwina, ndipo chalichi lija liripobe kufikira lero lino.

Nanga Eklezia alemekezeranji makoma ndi denga? Kodi Mulungu asowa pogona? Iai ndithu. Mfumu Solomoni yemwe, pa tsiku lopereka Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, adabvomera pamaso pa anthu onse kuti ngakhale thambo lonse licepa kuti Mulungu akwanemo, monga buku loyamba la Mafumu lisimba pa mutu 8. Tsono amene asowa nyumbayo ndiye munthu. Ndipo palibe munthu woisowa koposa uja adasiya mudzi wace nakakhala m'tauni.

MUNTHU WA M'TAUNI NDI MLENDO

Kumudzi munthu sasokera. Ali ndi mfumu yace, ali ndi mwinimbumba, adziwa bwalo pamene milandu imakambidwa ndi msitu umene makolo ace agona. Mwana akadwala, azakhali ali pafupi. Banja likagwedezeka, ankhoswe afika dzuwa lisanalowe. Maliro akagwa, adzukulu adziwika kale. Zonsezi zimamgwira munthu monga mizu igwirira mtengo.

M'tauni zinthu ziri mwina. Nyumba njalendi, ndipo mwini wace angathe kuturutsa munthu mwezi ukatha. Woyandikana naye kumanja alankhula cinenero cina, wa kumanzere apembedza mwina, ndipo onse awiri mwina caka camawa adzakhala atasamuka. Nchito ikatha, munthu amanga katundu wace. Sitolo imene idali pa mphambano dzana, lero pali malo ogulitsira mafuta a galimoto. Mwana wobadwira m'tauni akafunsidwa kwao, kawirikawiri amachula mudzi umene sanagonemo ndi kamodzi komwe.

Mau akuti parishi adacokera ku Cigriki, ndipo ali ndi matanthauzo awiri ogwirizana: anthu okhala moyandikana, ndiponso alendo ogonera m'dziko la eni ace. Akristu oyamba adadzicha dzina limeneli podziwa kuti kwao kweni kweni ndi kumwamba. Koma dzinali liwayenera kwambiri anthu a m'mizinda, pakuti iwo ndi alendo kawiri. Kwa anthu otere chalichi lakale limakhala bwalo la mudzi. Belu lace lidalira pa ukwati wa agogo, liliranso pa ubatizo wa mdzukulu. M'mabuku ace mudalembedwa maina a anthu amene sadalembedwe pena paliponse: tsiku la ubatizo, dzina la bambo ndi la mai, la mboni, la wansembe. Mmphawi amene sadasiye nyumba kapena munda adasiya dzina lace m'buku limenelo. Cifukwa cace Malamulo a Eklezia, pa nambala 535, alamula bambo mfumu aliyense kuti alembe mabuku a parishi mosamala ndi kuwasunga bwino, ngakhale akale lomwe.

Kuti zimenezi zimveke bwino, nkoyenera kuyang'ana ku South Africa, dziko limene amuna ambiri a ku Malawi adalidziwa ndi thukuta lao, ena popita ku migodi ndi Wenela, ena poyenda pa selefu, ena nkukhaliratu komweko ngati machona. Kumeneko kudaoneka poyera cimene chalichi lingathe kucita pakati pa anthu osauka a m'tauni.

MUDZI UTAFAFANIZIDWA, CHALICHI NKUTSALA

Mu mzinda wa Johannesburg mudali dera lochedwa Sophiatown, limodzi mwa madera ocepa kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula malo ace ace. Anthu a mitundu yosiyana ankakhala pamodzi mothinana. Umphawi udalipo, zigawenga zidalipo, koma padalinso sukulu, nyimbo ndi cibale. Pamwamba pa citunda padaima chalichi la Kristu Mfumu, la mpingo wa Anglikani, kumene wansembe wao Trevor Huddleston adayamba kutumikira m'caka ca 1943. Boma la tsankho lidagamula kuti dera limenelo likhale la Azungu okha. Pa 9 Febuluwale 1955, mbandakuca, apolisi 2,000 adafika ndi mfuti ndi magalimoto akulu, nayamba kusamutsira mabanja ku Meadowlands. M'zaka zocepa nyumba pafupifupi zonse zidagumulidwa, ndipo mudzi watsopano wa Azungu udapatsidwa dzina lakuti Triomf, ndiye kuti kupambana.

Chalichi lija silidagwetsedwe, koma lidatsala lopanda nkhosa. Lidagulitsidwa, lidapita m'manja mwa eni ena, ndipo kwa zaka zambiri ana amene adabatizidwamo sadathe kulowamo. Tsankho litatha, Aanglikani adalitenganso m'caka ca 1997. Huddleston atamwalira m'caka ca 1998, phulusa la thupi lace lidaikidwa pomwepo, ndipo m'caka ca 2006 dzina la Sophiatown lidabwezedwa. Nkhalamba zimene zidacotsedwa ziri ana zidabwera kudzafuna pamene padali nyumba ya makolo ao. Mitengo idali ina. Cimene cidawalozera njira ndi nsanja ya chalichi.

Ku Cape Town kudacitika zofanana. Pa 11 Febuluwale 1966 boma lidalengeza kuti dera la District Six nla Azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 adasamutsidwira kutali, ku cigwa camcenga ca Cape Flats. Akatapila adasalaza nyumba zao, koma adasiya machalichi ndi mizikiti iri ciimire pakati pa bwinja, pamodzi ndi chalichi la Akatolika la Mtanda Woyera. Apa padaoneka cinthu codabwitsa. Mabanja ambiri osamutsidwa aja sadaleke kubwera: Akristu pa Lamulungu, Asilamu pa Lacisanu, ankakwera basi ndi sitima ulendo wautali kudzapemphera pamene makolo ao ankapemphera. Madzi saiwala khwawa. Pa khomo la chalichi anansi akale ankaonana, nafunsana za odwala ndi za omwalira, ndipo mudzi umene boma lidaufafaniza pa mapu udakhalabe ndi moyo tsiku limodzi pa mlungu. Ngakhale nyumba yosungiramo mbiri ya District Six, imene idatsegulidwa m'caka ca 1994, iri m'chalichi lakale la Ametodisti.

Nkhani ziwirizi ziphunzitsa cinthu cimodzi. Ku Sophiatown makoma adatsala koma anthu adacotsedwa, ndipo chalichi lidagona tulo kufikira iwo atabwerera. Ku District Six anthu sadaleke kubwera, ndipo machalichi adasunga mudzi. Makoma asunga cikumbutso ca anthu, koma anthu ndiwo apatsa makoma moyo.

MFUMUKAZI YA DZIKO LONSE KU SOWETO

Anthu ocotsedwa ku Sophiatown ndi kwina adaunjikidwa m'malokesheni a kumwera cakumadzulo kwa Johannesburg, amene adapatsidwa dzina lakuti Soweto m'caka ca 1963. Kumeneko, ku Rockville m'dera la Moroka, Akatolika adamanga chalichi cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, nalipereka kwa Amai Maria pa dzina lakuti Regina Mundi, ndiye kuti Mfumukazi ya dziko lonse lapansi. Kunja kwace nlosakongola kweni kweni: njerwa wamba ndi denga lalitali lotsetsereka. Koma nlalikuru kopambana machalichi onse a Akatolika m'dzikomo, ndipo mumalowa anthu zikwi zingapo. Polinganiza ndi Laterano ndi khanda ladzulo. Koma ukulu wa chalichi sauwerenga ndi zaka zokha, amauwerenganso ndi misozi imene idagwera pansi pace.

Pa Lacitatu, 16 Juni 1976, ana asukulu zikwi zambiri adayenda m'misewu ya Soweto kukana lamulo lakuti aziphunzira m'cinenero ca Afrikaans. Apolisi adawaombera. Mmodzi mwa oyamba kufa adali mnyamata wa zaka 12, Hector Pieterson, ndipo m'miyezi yotsatira anthu mazana ambiri adaphedwa. M'cipwirikiti cimeneco ana ambiri adathawira ku Regina Mundi. Mwana akaona zoopsa amathamangira kwa mai wace, ndipo anawa adadziwa khomo limene silikadawatsekera kunja. Apolisi adawatsata mpaka m'kati, naponya utsi wokhetsa misozi, naomba mfuti m'nyumba ya Mulungu. Ambiri adabvulala. Zipolopolo zidabowola denga, ngodya ya altare yamwala idasweka, ndipo cifanizo ca Ambuye Yesu cidatsala copanda manja. Akristu a kumeneko adasankha kusunga zipsera zimenezi kuti mibadwo yam'tsogolo idzazione.

M'zaka zotsatira boma lidaletsa misonkhano ya pabwalo, ndipo anthu a ku Soweto adasowa poti nkukomana. Regina Mundi lidatsegula zitseko. M'menemo ankaliriramo maliro a ophedwa, m'menemo ankakumbukira tsiku la 16 Juni caka ndi caka, kawirikawiri apolisi atazinga mpanda. M'menemo makolo a ana omangidwa popanda mlandu ankamva kuti sali okha. Olowamo sadali Akatolika okha, ndipo pa khomo panalibe wofunsa kalata ya ubatizo. Anthu adafika policha nyumba ya malamulo ya Soweto. Pa khoma pace pali cithunzi ca Amai Maria ndi Mwana wao ali akuda, cimene mmisiri Larry Scully adajambula m'caka ca 1973 pofuna kupeza ndalama zophunzitsira ana akuda. Munthu amene lamulo linkamuuza tsiku ndi tsiku kuti khungu lace nlotsika ankakweza maso naona Mpulumutsi wofanana naye.

Cimene cidatsatira ndico cacikuru koposa. M'caka ca 1996 bungwe lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu, lotsogozedwa ndi Arkiepiskopi wa Anglikani Desmond Tutu, lidakhala m'chalichi lomwelo kumva umboni wa anthu a ku Soweto. Amai adaima pansi pa denga lobowoka lija nafotokoza m'mene ana ao adafera, ndipo dziko lonse lidamva. Nyumba imene idali pothawirapo pa nthawi ya mfuti idasanduka ponenerapo zoona pa nthawi ya mtendere. Pa 30 Novembala 1997 Nelson Mandela, ali Prezidenti, adafika kudzalithokoza chalichilo m'dzina la mtundu wonse. Ndipo pa zaka zonsezi Misa sidaleke, ana sadaleke kuphunzira katekisimu, nyali ya pa tabernakulo sidaleke kuyaka.

MUZU WA ZONSEZI

Apa ndipo pali mfundo imene akatekisti ayenera kuigwira bwino. Regina Mundi silidamangidwe kuti likhale holo ya misonkhano. Lidamangidwa cifukwa ca Nsembe ya Misa ndi Sakramenti loyera la Ukaristia. Zitseko zace zidatsegukira ozunzidwa cifukwa ca Iye amene akhala m'tabernakulo, amene adaphunzitsa, monga Mateo Woyera alemba pa mutu 25, kuti zocitira wanjala, mlendo ndi wam'ndende azilandira ngati zomcitira Iye mwini. Wansembe amene m'mawa wanyamula Thupi la Kristu pa altare sangathe madzulo kutsekera kunja ziwalo za Kristu yemweyo ziri kukha magazi pa khomo.

Mwambo umenewu ngwakale. M'caka ca 410 ankhondo a Alaric atalowa mu Roma nayamba kufunkha ndi kupha, anthu adathawira m'machalichi a Petro ndi Paulo Oyera, ndipo adapulumuka. Augustino Woyera, poyamba pa buku lace la Mzinda wa Mulungu, akumbutsa kuti mwa opulumukawo mudali akunja ambiri, amene kale ankanyoza dzina la Kristu. Chalichi lidawafungatira onse osasankha.

Komabe Eklezia ali ndi malire ace. Malamulo ace, pa nambala 1210, anena kuti m'malo oyera muzicitika zokhazo zothandiza cipembedzo ndi kuopa Mulungu, ndipo kuti Episkopi angathe kulola zina pa nthawi yace, malinga zisatsutsane ndi kuyera kwa malowo. Tsono chalichi si la cipani ciri conse. Kubisa mwana wothawa mfuti ndi nchito ya cifundo. Kupereka guwa kwa munthu wofuna mavoti ndi kugulitsa nyumba ya Mulungu. Amene asokoneza ziwirizi akumbukire cikwapu ca zingwe cimene Ambuye adapirikitsa naco amalonda m'Nyumba ya Atate ao.

CENJEZO LA MNENERI YEREMIYA

Pali ngozi ina, ndiyo kukhulupirira makoma. M'masiku a mneneri Yeremiya anthu a ku Yerusalemu ankaganiza kuti mzinda wao sungagwe cifukwa m'kati mwace mudali Nyumba ya Mulungu. Mulungu adatuma mneneriyo kukaima pa cipata ca Nyumbayo, monga ziri pa mutu 7 wa buku lace, kukawauza kuti adzinyenga: ngati apitiriza kupsinja mlendo, mwana wamasiye ndi mai wamasiye, ndi kukhetsa magazi a osalakwa, Nyumbayo sidzawapulumutsa. Sadamvere, ndipo Ababiloni adadza naitentha.

Mau a mneneriyu adapherezeka moopsa ku Rwanda m'caka ca 1994. Anthu zikwi zambiri adathawira m'machalichi pokumbukira kuti pa zipolowe zam'mbuyo adapulumukiramo. Koma ulendo uno opha anzao adalowa ndi zikwanje, ndipo ambiri mwa iwo adali obatizidwa, oimba nao m'kwaya, olandira nao Ukaristia. Mu mzinda wa Kigali, pa chalichi lakale la Sainte-Famille, anthu ankaturutsidwa m'gulu la othawa nkukaphedwa. Ku Nyange chalichi lidagwetsedwa ndi katapila anthu oposa cikwi ali m'kati, ndipo m'caka ca 2006 bwalo la milandu la maiko onse ku Arusha lidapeza wansembe wa pamalopo wolakwa. Kudaliponso ansembe, asisteri ndi Akristu wamba amene adafa pobisa anzao, ndipo Mulungu awadziwa maina ao. Koma Eklezia sangabise manyazi amenewa. Njerwa za ku Kigali sizidasiyane ndi njerwa za ku Soweto. Cidasiyana ndi mitima ya anthu. Kumene ubatizo udangonyowetsa mutu osalowa mu mtima, mtundu wa munthu udakula kuposa Mtanda wa Kristu, ndipo makoma sadateteze munthu.

Palinso imfa ina yacete. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku Amerika machalichi okongola adatsekedwa, ena nkusanduka masitolo, nyumba zogona kapena malo odyera. Sadagwetsedwe ndi adani. Adangosiyidwa ndi ana ao. Ena atsala otsegula, koma olowamo ambiri ndi alendo odzajambula zithunzi, osadziwa ndi kugwada komwe. Ciswe sicicita phokoso, koma cimagwetsa nyumba.

CUMA CENI CENI CA CHALICHI

M'caka ca 258, pa mazunzo a mfumu Valeriano, ku Roma kudali dikoni dzina lace Laurenti, wosunga thumba la Eklezia. Mbiri yakale isimba kuti mkulu wa mzinda adamlamula kuti apereke cuma conse ca Akristu. Laurenti adapempha masiku atatu, nayendayenda m'makwalala kusonkhanitsa akhungu, opunduka, amasiye ndi opemphapempha amene Eklezia ankawadyetsa, nawaimika pamaso pa mkuluyo monga cuma cimene adafunsa. Adaphedwa cifukwa ca yankho limeneli, ndipo Eklezia amamkumbukira pa 10 Ogasiti.

Muyeso wa Laurenti ndiwo woyesera chalichi liri lonse la m'tauni. Parishi ingakhale ndi mpanda wautali, magalasi amawangamawanga ndi magalimoto odzaza pabwalo. Koma ngati mai wogulitsa makala kuseri kwa mpandawo acita mantha kulowa cifukwa ca nsalu yace yakutha, parishiyo njosauka pamaso pa Mulungu. Funso loyenera kulifunsa ndi ili: chalichi limeneli litatsekedwa mawa, kodi anansi amene sali Akatolika angalire? Ngati angangoti phokoso la belu latha, ndiye kuti mcere wasukuluka.

M'MIZINDA YA DZIKO LINO

Ku Malawi nako mzinda ndi chalichi zidakulira pamodzi. Mzinda wa Blantyre udatenga dzina lace kwa mishoni ya Askoti imene idakhazikidwa m'caka ca 1876, ndipo chalichi la St Michael and All Angels, limene David Clement Scott adamanga ndi amisiri a dziko lino kuyambira 1888 mpaka 1891, liri ciimire kufikira lero, tauni italizinga mbali zonse. Machalichi a Akatolika ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe aona mibadwo ya anthu obwera kudzafuna nchito, ndipo ena amene adamangidwa pakati pa minda tsopano ali pakati pa nyumba zothinana.

Makoma amenewa naonso ali ndi mbiri. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi idawerengedwa m'machalichi a Akatolika m'dziko lonse, yonena za malipiro ocepa a anchito, za sukulu ndi zipatala, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Zimene anthu ankanong'onezana kuseri zidamveka poyera kucokera pa guwa, ndipo pa 14 Juni 1993 mtundu udasankha njira ya zipani zambiri. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kucokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, opulumuka ambiri adagona m'sukulu ndi m'machalichi. Tsiku la tsoka silidziwika. Koma likafika, anthu amathamangira khomo limene adaliona lotsegula pa masiku a mtendere.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, chalichi likhale nyumba yopemphereramo masiku onse a mlungu. Kuopa mbala nkomveka, koma khomo lokhala ndi loko kuyambira Lolemba mpaka Loweruka liphunzitsa anthu kuti Mulungu apezeka pa Lamulungu pokha. Mabungwe a parishi angathe kugawana maola olondera, kuti wanchito wobwerera kunyumba madzulo apeze pogwada pamaso pa Sakramenti loyera.

Caciwiri, Akristu asamale nyumba imene adailandira kwa makolo. Amene adaumba njerwa zace adali osauka kopambana ana ao a lero, ndipo adasenza mcenga pamutu popanda malipiro. Denga lodontha, ciswe m'mitanda ndi ming'alu m'khoma siziyembekeza mlendo wocokera kunja. Mutu umodzi susenza denga. Mtulo wa Eklezia ndi zopereka za mwezi ndi mwezi ndizo msonkho wa ana pa nyumba ya mai wao. Ndipo pofuna kukulitsa chalichi, akulu a parishi asafulumire kugumula zakale asanafunse Ambuye Episkopi.

Cacitatu, akatekisti asunge mbiri. Mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a omwalira akhale pouma, kutali ndi njenjete. Nkhalamba zimene zidaona maziko alikukumbidwa zifunsidwe zikali moyo, ndipo mau ao alembedwe. Ana a katekisimu ayendetsedwe m'chalichi, auzidwe dzina la woyera wosunga parishi, caka cimene lidadalitsidwa, ndi tanthauzo la altare, la citsime ca ubatizo ndi la nyali yofiira. Mwana sangakonde cimene sacidziwa.

Cacinai, mlendo alandiridwe. Mnyamata wofika kumene kucokera kumudzi, mtsikana wanchito ya m'nyumba, wophunzira wokhala kutali ndi makolo, wothawa nkhondo wocokera dziko lina: amenewa ndiwo asokera msanga m'tauni. Mphakati uli wonse udziwe nyumba zace ndi okhalamo. Ndipo pa maliro ndi pa cithandizo pasakhale kufunsa mtundu wa munthu kapena boma limene acokera, pakuti mbeu ya ku Rwanda imamera poyamba m'timau tating'ono totere.

Cacisanu, parishi iyang'ane kunja kwa mpanda wace. Yeremiya yemweyo, pa mutu 29, adalembera Ayuda okhala ku ukapolo ku Babiloni kuti afunire zabwino mzinda umene adalimo ndi kuupempherera, popeza mtendere wao udamangika pa mtendere wa mzindawo. Ngalande yotsekeka, mjigo wakufa, ana ogona pa khonde la sitolo, mai womenyedwa usiku ndi usiku m'nyumba yoyandikana: zonsezi ndi nkhani za parishi. Pa zotere Akatolika agwirane manja ndi Akristu a mipingo ina ndi Asilamu, monga zidacitikira ku Soweto ndi ku District Six.

ZAKEO WA KU YERIKO

Kuyambira kale, pa Misa yodalitsira chalichi Eklezia amakonda kuwerenga nkhani ya Zakeo, yolembedwa ndi Luka Woyera pa mutu 19. Zakeo adali munthu wa m'tauni ndithu: mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, wolemera, wodedwa ndi anansi ace, wopanda bwenzi pakati pa khamu. Adakwera mu mkuyu kuti angoona Yesu alikupita, koma Yesu adaima, namuitana ndi dzina lace, nakalowa m'nyumba mwace anthu alikung'ung'udza. Tsiku lomwelo Zakeo adalonjeza kugawira amphawi theka la cuma cace ndi kubwezera kanai ali yense amene adamlanda kanthu. Eklezia adasankha nkhani imeneyi mwanzeru. Nyumba imakhala yoyera pamene Kristu walowamo, ndipo cizindikiro cakuti walowadi ndi cakuti amphawi a m'dera limenelo ayamba kupeza bwino ndi olandidwa ayamba kubwezeredwa zao.

Tsono pa tsiku la Laterano Mkristu ali yense, polowa m'chalichi la parishi yace ndi kubviika cala m'madzi odalitsa, akumbukire amene adalimanga ndi kuwapempherera. Akumbukirenso kuti iye mwini, cifukwa ca ubatizo, ndi mwala wamoyo wa nyumba imene Mulungu alikumanga, monga Petro Woyera aphunzitsa m'kalata yace yoyamba. Amai Maria, Mfumukazi ya dziko lonse, amene adafungatira ana a ku Soweto pa tsiku la mfuti, apempherere maparishi onse a m'mizinda, kuti zitseko zao zipezeke zotsegula pa tsiku la mtendere ndi pa tsiku la tsoka lomwe. Amen.